Ndege ikafika pamalire mnzanu asanailandire: kuthana ndi handoff yokanika pa rada

Mlengalenga mmene ndege zimadutsamo ndi mogawidwa zigawozigawo, m'mbali ndi m'mwamba momwe, ndipo chigawo chilichonse chili ndi woongolera wake. Ndege ikamayandikira malire, wa kuno amaipereka kwa wa uko, ndipo kupatsirana kumeneku ndiko kumatchedwa handoff. Kale zimenezi zinkachitika pa foni, ndege iliyonse payokhapayokha. Masiku ano ntchito yambiri yasenzedwa ndi kompyuta: imawerengera nthawi imene ndege ifike pamalire, n'kuyamba kuthwanimitsa lebulo ya ndegeyo (kachikwangwani kosonyeza dzina lake ndi kutalika kumene ili) pa sikirini ya wolandira, iye n'kudina, nkhani yatha. Zinthu zikakhala bwino, ndege zambirimbiri zimapatsiridwa chonchi popanda wina kutsegula pakamwa.

Mutu umayamba kuwawa lebulo ikamangothwanima osalandiridwa, kapena ikapanda kuthwanima n'komwe, kapena ikakathwanimira munthu amene ndegeyo sikupita kwawo. Mavuto amenewa sabwera kamodzi n'kutha. Amabwererabwerera, nthawi zambiri pamalire omwewo ndi ndege za njira yomweyo, mpaka anthu amazolowera n'kumangoti "pamenepa pamavuta basi". Koma handoff siyikanika popanda chifukwa. Pafupifupi nthawi zonse pamakhala zinthu ziwiri zimene zasemphana: chimene rada ikuona ndi chimene pulani ya ulendo ikunena, kapena chimene kompyuta yanu ikudziwa ndi chimene kompyuta ya anzanu ikudziwa. Ntchito yonse yagona pa kupeza pamene zasemphanapo.

Yambani ndi ndege, kompyuta idikire

Jeti youluka pa liwiro la ma knot 480 imadya mamailosi 8 (a panyanja, amene a ndege amagwiritsa ntchito) pa mphindi imodzi. Mukazindikira kuti handoff yakanika ndege itatsala mamailosi 20 kuti ifike pamalire, muli ndi mphindi ziwiri ndi theka zokha. Imeneyo si nthawi yofufuza chalakwika. Imbani foni.

Lebulo yothwanima ndi pempho chabe. Mpaka mnzanuyo atailandira, ndegeyo ndi yanu, ndipo mulibe chilolezo choilowetsa m'chigawo chake. Buku la malamulo a oongolera ndege ku America, JO 7110.65, limanena mosapsatira kuti handoff ithe ndege isanalowe kwa wolandira, ndipo ngati simunagwirizane, woongolera wa pa senta yoongolera ndege zapamwamba aisunge mamailosi 2.5 kuchokera pamalire. Buku la Doc 4444 la ICAO, bungwe la maiko loona za ndege, nalonso lili ndi njira zingapo zozindikiritsira ndege kwa mnzanu makina akakhumudwitsa.

Pa fonipo nenani pamene ndege ili poyerekeza ndi malo amene nonse awiri mukuwaona pa sikirini, dzina lake kapena nambala yake ya squawk (nambala imene ndege imatumiza kuti rada iizindikire), ndi levulo (kutalika koulukirapo) imene mwaipatsa, kuphatikizapo ngati ikukwera kapena ikutsika. Onjezani chilichonse chimene mwauza woyendetsa koma kompyuta sikuchidziwa, monga heading (mbali yoti alunjike) kapena liwiro. Mnzanu akati "radar contact", ndiye kuti waionadi. Akangoti "itumizeni" osanena kuti waiona, funsaninso, ngakhale mumveke ngati wovuta.

Foni ikapanda kuyankhidwa, ikhotetseni ndegeyo ikhale kwanu. Woyendetsa adandaula, mafuta apita pang'ono, koma zimenezo n'zazing'ono. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kuuza woyendetsa kuti asinthe frequency ya wailesi kupita kwa wolandira lebulo ikadali kuthwanima, poganiza kuti mnzanu adina pompano. Mukatero mwadzimanga nokha: inu simungalankhulenso ndi ndegeyo, ndipo wolandirayo akumva mawu a ndege imene sakuidziwa, pa nthawi imene mwina sanadine chifukwa chotanganidwa kale.

Werengani lebulo yonse

Makina ambiri amanena okha chimene chawavuta, kungoti diso limathamangira kuthwanima n'kusiya zilembo. Pa ERAM, makina a masenta akuluakulu a ku America, chilembo H chotsatiridwa ndi nambala chimasonyeza chigawo chimene ndege yatumizidwa, ndipo chimasanduka O akailandira. Nambala imeneyo iwerengeni. Ngati si ya chigawo chimene mukuyembekeza, mukudikira munthu amene sakuona kalikonse.

Palinso zilembo zimene malamulo a kumeneko amati zikaoneka musadalire makina, lankhulanani pakamwa. FAIL ndiye kuti uthenga wa handoff sunadutse. CST ndiye kuti rada yaitaya ndegeyo ndipo kompyuta ikungoyendetsa lebulo mongoyerekeza, potengera kumene inkalowera. NONE ndiye kuti nambala ya squawk imene ikuyembekezeka sikulandiridwa. OLD ndiye kuti zimene senta ina inatumiza zakalamba, sizikusinthidwanso. AMB ndiye kuti pamene anzanu akuti ndege ili ndi pamene makina anu akuiona pasiyana kwambiri. Makina a maiko ena amagwiritsa ntchito mitundu kapena zilembo zina, koma matendawo ndi omwewa, ndipo chilichonse chikukulozerani kumene muyambire.

Pulani ikunena zina, ndege ikuchita zina

Apa ndi pamene pamachokera mavuto ambiri, ndipo ambiri mwa iwo timayambitsa ndife anthu. Kompyuta sisankha wolandira poyang'ana kumene mphuno ya ndege yaloza. Imatenga njira yolembedwa mu pulani, levulo, mtundu wa ndege ndi mphepo, n'kujambula mzere wa ulendo wonse. Chigawo chotsatira pa mzere umenewo ndi chimene chimalandira handoff. Mukauza woyendetsa pa wailesi kuti azembe mtambo wa mabingu, kapena alunjike pamalo ena a kutsogolo, koma osalowetsa zimenezo mu kompyuta, mzerewo umatsala pamene unali. Ndege ikapatuka kwambiri, makina ena amangosiya kuitumiza okha, ena amaitumizabe kwa wolandira wakale. Zonse ziwiri n'zoipa, koma yachiwiriyi imaposa, chifukwa mnzanu akhoza kudina mwachizolowezi n'kulandira ndege imene sidzaponda m'chigawo chake, pamene mwini chigawo chenichenicho sakudziwa kanthu.

Mankhwala ake ndi odziwika: bwezani handoff yolakwikayo, konzani njira mu pulani, onani mzere watsopano pa sikirini, kenako tumizaninso. Kuona mzerewo musakudumphe. Njira yachidule imene mwapereka ikhoza kudula kangodya ka chigawo chachitatu kwa mphindi imodzi yokha. Kompyuta ina ipereka ndege kwa mwini kangodyako, ina imudumpha. Ikamudumpha, ndi udindo wanu kumupangira point out, kutanthauza kumulozera pamene ili, kuti avomereze ndegeyo idutse kwawo osalankhula naye.

Malire a m'mwamba amavuta koposa a m'mbali chifukwa saoneka pa sikirini. Tinene kuti zigawo ziwiri zasanjikizana ndipo zagawana pa FL245 (levulo ya mafiti 24,500). Kompyuta yawerengera kuti ndege ikamafika pamalire a m'mbali idzakhala itakwera kale kupyola pamenepo, ndiye yatumiza handoff kwa wa m'mwamba. Koma lero kwatentha, ndege yalemedwa ndi mafuta a ulendo wautali, ikukwera mokoka miyendo, ndipo ifika pamalirepo ili pa FL230. Wa m'mwamba walandira ndege imene siyake, wa m'munsi ikumulowera osaitanidwa. Chimodzimodzi mukaimitsa ndege pa levulo yongoyembekezera chifukwa cha ndege ina koma osailemba. Vuto likamabwera ndi ndege zokwera kapena zotsika zokhazokha, yambani kukayikira pamenepa.

China chimene chimanyenga ndi kuphatikiza ndi kugawa zigawo. Usiku ndege zikachepa, munthu mmodzi amatenga zigawo zingapo, m'mawa zimagawidwanso. Ngati kusinthako sikunalowe bwino mu kompyuta, lebulo imakathwanima pa sikirini imene palibe munthu. Chizindikiro chake n'chakuti ndege zonse zopita chigawo chimodzi zimakanika nthawi imodzi, ndipo zimayamba atangosinthana mipando. Funsani mkulu wa shifiti kuti chigawocho chili pa mpando uti. Musaiwalenso kuti mwina ndi inuyo amene munaletsa handoff yodzichitikira pa ndegeyo mphindi khumi zapitazo, muli ndi chifukwa chabwino chimene tsopano chatha.

Lebulo ikasiyana ndi ndege yake

Kuti handoff itheke, kompyuta iyenera kumangirira pulani ya ulendo ku kadontho koyenera pa rada. Chingwe chakale chomangira ndi nambala ya squawk, ya manambala anayi kuyambira 0 mpaka 7. Zonse pamodzi zilipo 4,096, ndipo zina ndi zosungidwa, monga 7500, 7600 ndi 7700 za pangozi. Kwa mlengalenga wodzaza, zimenezi n'zochepa. Ndege ziwiri zikapezeka ndi nambala imodzi, makina amatha kukana kumangirira, kapena kumangirira pulani ku ndege yolakwika. Zimachitika kwambiri pamalire a maiko, pamene ndege yabwera ndi nambala imene kwanu ili kale ndi mwini wake. Zimachitikanso woyendetsa akalakwitsa nambala imodzi, kapena senta yolandira ikagawa nambala yatsopano koma ndege ikadali pa yakale. Funsani woyendetsa nambala imene waika, mupatseni ina ngati yagundana, ndipo muuzeni mnzanu za kusinthako.

Mode S, mtundu wina wa transponder (chida cha m'ndege chimene chimayankha rada), inachepetsa vutoli. Ndege iliyonse ili ndi adiresi yakeyake ya ma bit 24, ndipo imatumizanso dzina la ulendo limene oyendetsa alemba. M'madera ena a ku Ulaya ndege zotere zimangopatsidwa squawk ya 1000, chifukwa kompyuta imamangirira ndi dzinalo. Koma pamenepo pabadwa vuto latsopano: dzina lolembedwa m'ndege liyenera kufanana ndendende ndi la mu pulani. Pulani ikati ABC123, woyendetsa n'kulemba ABC0123, kapena n'kuika zilembo ziwiri za pa tikiti m'malo mwa zitatu za ICAO, kapena n'kusiya dzina la ulendo wapitawo, kwa kompyuta imeneyo ndi ndege ina. Muuzeni alembenso. Ndege zina siziloleza kusintha dzinalo zili m'mwamba. Zikatero ipatseni nambala yakeyake ya squawk ndipo senta yotsatira idziwe.

Ndege ziwiri zikadutsana moyandikana, mayankho a ma transponder awo pa 1090 MHz amatha kusokonezana, ndipo nthawi zina malebulo amasinthana. Chinthu chimenechi n'choopsa chifukwa sikirini imaoneka yabwinobwino. Mukaona lebulo ikulowera kumene pulani yake sikupita ndege zitangodutsana, musatumize handoff. Uzani woyendetsa mmodzi adine batani la ident, limene limaonetsa ndege yake pa sikirini, muone kadontho kamene kayankha.

Nkhani ya CST ndi ya rada yeniyeniyo. Rada ya ndege zapamwamba imazungulira kamodzi pa masekondi 10 mpaka 12, ndiye ikaphonya ndege maulendo awiri kapena atatu, theka la mphindi lapita kale. Malire a zigawo ambiri ali kumapeto kwa kumene rada imafika, kuseri kwa mapiri, kapena pamwamba penipeni pa mlongoti, pamene rada siona. Ngati CST ikuonekera pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, vuto si ndege. Yambitsani handoff msanga ndege isanalowe pamalopo, ndipo amisiri auzidwe kuti aone ngati ADS-B (njira imene ndege imaulutsira yokha pamene ili) kapena rada ina ingatseke mpatawo. AMB yobwerezabwereza pakati pa masenta awiri imasonyeza kuti marada awo sakugwirizana: imodzi yapendekeka pang'ono pa kumpoto kwake, kapena mawotchi awo asiyana. Pa liwiro la jeti, kusiyana kwa masekondi ochepa chabe kumasuntha ndege pafupifupi theka la mailosi. Zimenezo woongolera sangazikonze pa mpando wake.

Makompyuta a masenta awiri akasiya kumvana

M'kati mwa senta imodzi, zigawo zonse zimadya mu kompyuta imodzi. Ndege ikamachoka senta ina kupita ina, makompyuta awiri, nthawi zambiri a makampani osiyana, amayenera kutumizirana mauthenga. Ku Ulaya amagwiritsa ntchito njira ya mauthenga yotchedwa OLDI, m'madera ena ambiri AIDC. Mu OLDI, uthenga wa ABI umapita koyamba kuchenjeza kuti ndege ikubwera, kenako ACT imanena nthawi, malo ndi levulo yolowera. Kompyuta yolandira imayankha ndi LAM, kutsimikiza kuti yalandira ndipo yamangirira uthengawo ku pulani imene ili nayo. LAM ikapanda kubwera m'nthawi yake, woongolera amachenjezedwa, ndipo chenjezo limenelo tanthauzo lake ndi limodzi: anzanu sakudziwa za ndegeyi, imbani. Mu AIDC muli LRM, uthenga wokana umene umabwera ndi nambala ya chifukwa chake. Nambalayo ilembeni, ndi imene amisiri adzayambire.

Ngati ndege imodzi yokha ndi imene yakanika, chingwe cha mauthenga pakati pa masentawo chili bwino, vuto lili mu pulani. Mwina anzanu alibe pulaniyo chifukwa sinatumizidwe ku adiresi yawo, makamaka njira ikasintha ndege ili kale m'mwamba n'kudutsa dziko limene silinali pa ulendo woyamba. Mwina ali ndi mapulani awiri a dzina limodzi chifukwa kampani inalemba yatsopano osafafaniza yakale, ndiye kompyuta yasowa yosankha. Mwina ndege inachedwa maola angapo popanda uthenga wa DLA wonena za kuchedwako, pulani n'kutayidwa. Mwina malo olowera amene inu mwatchula kompyuta yawo siwadziwa. Ngati ndege zonse zopita senta imeneyo zakanika, siyani kufufuza mapulani. Chingwe chaduka kapena kompyuta ya uko yagwa, ndipo mkulu wa shifiti adziwe nthawi yomweyo.

Mayina a malo nawo amasocheretsa. Zilembo zitatu za zida zolozera ndege njira zimabwerezedwa m'maiko osiyanasiyana. Pa 28 August 2023, makina okonza mapulani a NATS, bungwe loongolera ndege ku United Kingdom, analandira pulani ya ndege yochokera ku Los Angeles kupita ku Paris imene njira yake inali ndi malo awiri otchedwa DVL: Devils Lake ku North Dakota ndi Deauville ku France. Pulogalamu inasokonezeka pofuna malo amene ndegeyo itulukire m'mlengalenga wa dzikolo, inadziimitsa, ndipo makina oyembekezera nawo atalandira pulani yomweyo anachita chimodzimodzi. Mapulani anayamba kulowetsedwa pamanja ndipo anthu oposa 700,000 anasokonezedwa maulendo. Imeneyo sinali handoff ya pa rada, koma muzu wake ndi womwewu, ndipo ikutikumbutsa kuti makina oyembekezera a pulogalamu yofanana amagwa ndi mwala womwewo.

Pali kamsampha kena kakang'ono. ACT ikapita, kusintha kulikonse kumayenera kutsatira ndi uthenga wa REV, koma mapangano a masenta amaika malire a nthawi. Ndege ikayandikira kwambiri, kompyuta situmizanso kusinthako. Mukasintha levulo mphindi zomalizira, musaganize kuti anzanu aona. Auzeni pakamwa.

Handoff imene yadutsa bwino koma yanyamula bodza

Kwa ine, FAIL ndi bwenzi. Imakuwa, munthu n'kudzidzimuka. Choopsa kwenikweni ndi handoff imene yathwanima, yalandiridwa, aliyense wakhutira, koma zimene zili pa lebulo si zoona.

Pa 29 September 2006, jeti ya Embraer Legacy 600 inkauluka kuchokera ku São José dos Campos kupita ku Manaus ku Brazil, pa FL370 imene inapatsidwa. Pulani yake inkati ikadutsa Brasília itsikire pa FL360. Itafika cha kumeneko, makina a senta ya Brasília anasintha okha nambala ya pa lebulo kukhala 360 potsatira pulani, ngakhale panalibe woongolera amene anauza oyendetsa kuti atsike. Patapita mphindi zochepa transponder ya ndegeyo inasiya kutumiza, choncho levulo yodalirika yochokera m'ndege inasowa pa sikirini. Oongolera anasinthana pa mpando, wolowayo n'kukhulupirira kuti ndege ili pa FL360, ndipo nambala yomweyo ndi imene inaperekedwa ku senta yotsatira ya Amazônico. Kulankhulana pa wailesi kunali kutaduka. Pa njira yomweyo ya UZ6, pa FL370, kunkabwera Boeing 737 ya Gol, ulendo 1907. TCAS (chida cha m'ndege chochenjeza za kuwombana) sinachenjeze aliyense chifukwa transponder ija inali chete. Zinawombana pamwamba pa Mato Grosso, ndipo anthu onse 154 a mu Boeing anafa.

Zimene tingatengepo pa mpando wa tsiku ndi tsiku n'zooneka. Dziwani makina anu: nambala ya levulo imene ili pa lebulo, kodi ndi imene munthu anapereka, imene pulani ikufuna, kapena imene ndege ikunena? Pa makina ena manambala amenewa amakhala moyandikana ndipo amasiyanitsidwa ndi kachizindikiro kamodzi kokha. Ndege ikangolowa pa frequency yanu, mverani levulo imene woyendetsa watchula n'kuyerekeza ndi lebulo. ICAO imalola kusiyana kwa mafiti 200 m'mlengalenga wa RVSM (kumene ndege zapamwamba zimatalikirana mafiti 1,000 okha m'mwamba) ndi mafiti 300 kwina. Kupitirira apo, funsani. Levulo yochokera ku transponder ikasowa, musapereke ndegeyo ngati palibe chachitika. Uzani woyendetsa, uzani wolandira, ndipo nenani momveka kuti levulo imene mukutchula ndi yosatsimikizika. Ndege imene mwailandira ikapanda kuitana, musadikire kuti ikumbuke yokha. Bwererani kwa amene anaitumiza.

Zonse zikagwa nthawi imodzi

Malebulo ambiri akayamba kuchita zachilendo pamodzi, kapena kompyuta ikayamba kuchedwa kuyankha, musalimbane ndi ndege imodziimodzi. Pa 30 April 2014 pulani ya ndege ya asilikali ya U-2, imene inkauluka cha pa mafiti 60,000, inadzaza memory ya ERAM ku senta ya Los Angeles mpaka makina anagwa. Pa 15 August 2015 senta ya Washington inagwanso chifukwa cha pulogalamu yatsopano imene inkadzaza memory pang'onopang'ono. Pa nthawi ngati zimenezi handoff iliyonse imabwerera pa foni, ndipo munthu mmodzi sangaimbire foni ndege zochuluka ngati zimene kompyuta inkapereka. Choyamba n'kuchepetsa ndege zolowa: masenta oyandikana azisunge, zapansi zisanyamuke. Kuchedwa kupempha zimenezi, poyembekeza kuti makina abwerera pompano, ndi kumene kumapanikiza anthu.

Foniyo nayonso iyesedwe isanafunike. Usiku wa pa 1 July 2002, ku senta ya Zurich kunali ntchito yokonza makina. Rada inali pa makina oyembekezera opanda chenjezo looneka la STCA (lodziwitsa woongolera kuti ndege zikuyandikana moopsa), foni yaikulu inali yozimitsidwa, ndipo yoyembekezera inali ndi vuto. Woongolera wa ku senta ya Karlsruhe ku Germany anaona pa sikirini yake kuti ndege ziwiri zikuyandikana, anayesa kangapo kuimba, osadutsa. Tupolev 154 ndi Boeing 757 zinawombana pamwamba pa Überlingen ndipo anthu 71 anafa. Amisiri akati akonza makina usiku uno, funsani ndendende zimene zisowe, imbirani chigawo chilichonse choyandikana pa foni yoyembekezera ntchito isanayambe, ndipo anzanuwo adziwe nambala imene angakupezereni. Makina akabwerera, musawakhulupirire nthawi yomweyo. Zonse zimene munapereka pakamwa pamene anali chigonere sakuzidziwa, ndiye yendani lebulo ndi lebulo musanalole handoff yodzichitikira.

Kuligwira vuto lobwerezabwereza

Mawu akuti "handoff ya kumpoto imavutavuta" sathandiza mmisiri aliyense. Makina amasunga zonse, zimene rada inaona, mauthenga amene anadutsa, mabatani amene anadinidwa, koma pamafunika wowalozera pofufuza. Lembani nthawi ya UTC (imene a ndege amagwiritsa ntchito padziko lonse) mpaka mphindi yake, dzina la ndege, squawk, levulo ndi ngati inkakwera, chigawo chotumiza ndi cholandira, zilembo zimene zinali pa lebulo, ndiponso chimene munasintha mu pulani vuto lisanachitike. Chomalizachi anthu amachisiya poopa kuoneka olakwa, pamene ndi chimene chimafupikitsa ntchito. Lembani tsiku lomwelo, chifukwa zojambulidwazo sizisungidwa mpaka kalekale.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Malipoti akachuluka, asanjeni muone chimene chikufanana. Kampani imodzi yokha: onani mmene imalembera mapulani ndi dzina la Mode S. Mtundu umodzi wa ndege: onani manambala a kakweredwe kake amene ali mu kompyuta. Malo amodzi: onani rada, kapena mmene malirewo anajambulidwira mu adaptation (mafayilo a mapu ndi malire a mu kompyuta), chifukwa kampata kakang'ono pakati pa zigawo ziwiri, kapena kusanjikizana pang'ono, n'kokwanira kusokoneza wolandira. Ola limodzi tsiku lililonse: onani kuphatikiza kwa zigawo, kapena nthawi imene dera la asilikali limatsegulidwa. Handoff yothwanima mochedwa kapena mofulumira kwambiri nthawi zonse: nambala ya mtunda kapena ya mphindi imene imaiyambitsa ikufunika kusinthidwa, ndipo masenta onse awiri agwirizane kaye.

Funsaninso kuti vutoli linayamba liti. Kusintha kwa njira za ndege, malo ndi malire kumalowa pa masiku a AIRAC, amene amabwera masiku 28 alionse, Lachinayi. Vuto limene linabadwa Lachinayi lotero kawirikawiri limatanthauza kuti senta imodzi yalowetsa zatsopano, inayo ikadali pa zakale, kapena onse alowetsa koma dzina limodzi lalembedwa mosiyana. Amisiri a mbali zonse ziwiri aike mafayilo awo pamodzi, ayerekeze malo olowera amodziamodzi ndi pangano lolembedwa la masentawo. Akati akonza, pemphani kuti ndege zoyamba kudutsa pamalirewo ziperekedwe ndi makina komanso zitsimikizidwe pa foni, ndipo lamulo lililonse lakanthawi loti "apa imbani nthawi zonse" lichotsedwe polemba, mashifiti onse a mbali ziwirizo atauzidwa.